PIMANI NTHAKA MUSANATHIRE FETELEZA M'TIRIGU

(Mau amene analankhulidwa kwa alimi pa msonkhano wa ku Chongwe)

Nkhani yathu ya lero ndi ya tirigu wa m'nyengo ya cisanu, amene timabzala mu April ndi May, ndi kumthirira kufikira atakhwima mu September kapena October.

Tirigu afuna cakudya ca m'nthaka cochedwa naitrojeni. Cakudyaci cikacepa, masamba a m'munsi asanduka acikasu, mbeu siphuka nthambi zambiri, ndipo ngala zikhala zazing'ono. Cikacurukitsa, tirigu atalika ndi mapesi ofooka, nagwa pansi mphepo ikaomba, ndipo ndalama za mlimi zitayika pacabe. Maso paokha sangatiuze muyeso wa naitrojeni amene ali m'munda. Munda umene munali soya kapena nshawa usunga wambiri koposa munda umene munali cimanga. Mvula ya dzinja nayonso imkokolola kunka naye pansi, makamaka pa nthaka ya mcenga. Cifukwa cace muyeso wa caka catha suyenera kukhulupiriridwa caka cino.

Kapimidwe kace ndi kotere. Mvula ikatha, musanabzale, yendani m'munda mokhotakhota, ndi kutapa dothi pa malo 15 kapena 20. Dothi la pamwamba, lofika masentimita 20, likhale pa lokha, ndi la pansi pace pa lokhanso, pakuti mizu ya tirigu imadya kumeneko. Musatape pa culu, pa khola lakale, kapena pamene munatenthapo zinyalala. Sakanizani dothilo m'ndowa yoyera, muliumitse pa mthunzi, ndi kuikako theka la kilogalamu m'thumba latsopano. Thumba limene munali feteleza lidzanamiza opima. Lembanipo dzina lanu, munda, ndi mbeu imene munakololamo. Mlangizi wa zaulimi adzakuthandizani kulitumiza msanga ku Mount Makulu, ku Chilanga, kumene kuli akatswiri a Boma opima nthaka.

Tsono tiwerenge pamodzi. Thumba la Urea la makilogalamu 50 liri ndi makilogalamu 23 a naitrojeni. La Compound D liri ndi 5 okha. Tani imodzi ya tirigu ifuna makilogalamu ngati 25. Mlimi wofuna matani 6 pa hekitala afunika tsono makilogalamu 150. Opima akapeza kuti m'nthaka muli kale 46, ndiye kuti matumba awiri a Urea apulumuka pa hekitala iriyonse, kapena theka la thumba pa lima imodzi. Akapeza kuti mulibe kanthu, mlimi adziwa nthawi ikadalipo kuti asaumire feteleza.

Otsalayo musathire tsiku limodzi. Gawo loyamba lilowe pobzala, lina pamene tirigu aphuka nthambi, ndi lotsiriza mapesi akayamba kutalika. Mukathira Urea, thirirani madzi tsiku lomwelo kuti asauluke ndi mpweya, koma madziwo asapyole muyeso.

Tonse tikumbukira cilala ca 2024, pamene madzi a ku Kariba anacepa ndipo magetsi othiririra anabvuta. Amene athirira munda ndi madzi ogula motere sayenera kuthira feteleza mongoganizira. Akuru akale anati safunsa anadya phula. Kaonaneni ndi mlangizi wanu mwezi wa March usanathe.