Woyendera nyumba azisankhidwa ndi ndani?

Mafumu, makhansala ndi anthu a m'mawodi a Chikwawa ndi Nsanje sanaiwale madzi a Januwale 2015, namondwe Ana wa 2022 ndi Freddy wa Malichi 2023. Si nyumba zonse zimene zinachita kukokoloka. Zina zinangogwada pomwe zinali, chifukwa maziko ake anali osaya ndipo njerwa zapansi zinamangidwa ndi matope.

Lamulo la Physical Planning Act la 2016 likukhudza dziko lonse, osati matauni okha. Koma akatswiri a khonsolo ali kuboma, ndipo ulendo wopita ku Makhanga m'dzinja aliyense akuudziwa. Mwini nyumba sangadikire mpaka kalekale. Mmisiri amakwirira maziko n'kupitiriza. Akakwirira, zatha: woyendera wobwera mochedwa amangoona pulasitala. Kumadera a makande monga ku Ngabu, kumene dothi limang'ambika m'chilimwe n'kufufuma mvula ikagwa, cholakwika chobisika pansipo chimadzaonekera pakhoma nyumba ili kale ndi ana.

N'chifukwa chake ganizo loti lamulo lilole mainjiniya ndi akatswiri oima paokha kuvomereza mapulani ndi kuyendera nyumba si lopepuka. Katswiri wokhala pa Nchalo kapena pa Bangula angafike dzenje la maziko lisanakwiriridwe.

Mayiko ena anayesapo njirayi. Chivomezi cha 1999 chitapita, dziko la Turkey linakhazikitsa lamulo mu 2001 lopereka ntchito yoyendera nyumba kwa makampani. Vuto linali loti womangitsa ndiye ankadzisankhira kampaniyo ndi kuilipira, ndipo woyendera wokhwimitsa zinthu sankaitanidwanso. Mu 2019 boma linasintha kuti kampani izisankhidwa ndi kompyuta ya unduna. Nyumba zovomerezedwa kale zinakhalabe chilili, mpaka chivomezi cha Febuluwale 2023 chinapha anthu oposa 50,000 m'dzikomo.

Ngati njirayi ingadzafike kuno, khonsolo isadzataye udindo. Mndandanda wa oyendera ovomerezeka ukhale m'manja mwake, ndipo iyo ndiyo izitumiza woyendera, osati kontrakitala. Wosayinira nyumba yosayenera achotsedwe pamndandandawo. Nkhani ya malipiro ndiyo yovuta kwambiri: banja lokolola mapira ndi thonje kamodzi pachaka likauzidwa mtengo wa m'tauni, lidzamanga mwakachetechete monga kale.

Pakadali pano chilolezo chikuchokerabe kukhonsolo. Amene akufuna kumanga chaka chino afunse kumeneko asanakumbe, ndipo amuuze mmisiri kuti maziko aonedwe asanakwiriridwe.