Funsani khonsolo za magetsi, lamulo likukulolani



Mu Novembala 1914, John Chilembwe wa ku Mbombwe, kwathu kuno ku Chiradzulu, analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda akutengedwa kukafera nkhondo ya azungu. Boma la atsamunda linatsekereza kalatayo. Lero mnyamata akalemba dandaulo pa WhatsApp, abale ake ku Johannesburg amaliwerenga nthawi yomweyo, ndipo gawo 35 la malamulo oyendetsera dziko limamuteteza.

Nanenso ndimawerenga zimene mumalemba, makamaka zoti magetsi a MAREP amalambalala midzi ina chifukwa cha ndale. Mkwiyowo ndikuumvetsa, poti kuyenda mtunda wautali kukangotchajitsa foni n'kowawa. Komatu m'magulumo simudzatuluka yankho la boma.

Kuyambira pa 30 Sepitembala 2020, lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga ku boma likugwira ntchito. Lemberani khonsolo, panokha kapena kudzera kukomiti ya chitukuko, kufunsa malo amene anasankhidwa ndi zifukwa zake. Lamulolo likuti tikuyankheni pasanathe masiku 15 ogwira ntchito. Tikachedwa, kadandauleni ku Malawi Human Rights Commission.