KUSANKHA CHOMETERA NDEVU: YAMBANI MWAFUNSA ZA LEZALA

Mau amene mlangizi wa za umoyo analankhula kwa mafumu, aphunzitsi ndi anthu a m'midzi ya ku Kamwendo, m'boma la Mchinji.

Nkhani yanga lero ili ya kanthu kakang'ono kamene kapezeka pa zenera kapena kutsindwi m'nyumba zambiri, ndiko chometera ndevu. Kapena ena adzati iyi si nkhani yosonkhanitsira akuluakulu. Koma kanthu aka nthawi zina kacheka khungu, ndipo chinthu chilichonse chokhudza magazi a munthu chiyenera kuganiziridwa bwino.

Chometera chikathyoka kapena chikatayika, mwamuna afuna china. Pa nyengo imene mtedza, soya ndi fodya zagulitsidwa, katundu wotere achuluka pa msika, wina wochokera ku Lilongwe, wina wolowa pa malire a Mwami kuchokera ku Chipata. Tsono mwa zonsezi, munthu wa kumudzi agule chiti?

Yankho langa ndi lalifupi. Musayambe kuyang'ana mpini wake. Yambani mwafunsa za lezala. Mlimi aliyense adziwa kuti pa khasu chitsulo chikhala zaka, koma mpini ndiwo usinthidwa. Pa chometera si choncho: mpini mugula kamodzi, koma malezala mudzagula moyo wanu wonse.

KUMENE CHINACHOKERA

Makolo athu anali kumeta ndi lumo losulidwa ndi amisiri a zitsulo, ndipo likabuntha anali kulinola pa mwala. Azungu nawonso anali ndi lumo lalitali lopinda ngati mpeni, limene linafuna dzanja lozolowera. Ku America kunali munthu wina, dzina lake King Gillette, amene anaganiza zopanga kachitsulo kopyapyala, kakuthwa mbali zonse ziwiri, kotsika mtengo, kotero kuti kakabuntha munthu angotaya ndi kuika kena. Kampani yake inayamba mu 1901. M'chaka cha 1903 inagulitsa zometera 51 zokha ndi malezala 168, koma pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, mu 1918, asilikali a America anapatsidwa zometera zotere, ndipo pobwerera kwao anapita nacho chizolowezicho.

Malezala oyamba anali kuchita dzimbiri msanga. Mu 1962 kampani ya ku England ya Wilkinson Sword inatulutsa malezala a chitsulo chosachita dzimbiri, amene anakhalitsa koposa akale. Mu 1971 a Gillette anabweretsa chometera chokhala ndi malezala awiri pa mutu umodzi, ndipo mu 1975 a BIC a ku France anatulutsa cha pulasitiki chotaya chonse chikabuntha. Mitundu itatu imeneyi ndiyo imene muipeza m'masitolo kufikira lero.

MITUNDU ITATU

Mtundu woyamba ndiwo wakale uja, wa lezala lakuthwa mbali ziwiri. Ubwino wake waukulu ndi uwu: malezala a mtundu umenewu apangidwa pa muyeso umodzi. Kaya pa pepala palembedwa Minora, Nacet kapena Super-Max, lezalalo lidzalowa m'chometera chanu. Sitolo ina ikasowa, mudzalipeza pa okala ina.

Mtundu wachiwiri ndiwo wa mutu wochotsa, wokhala ndi malezala awiri, atatu kapena asanu. Uoneka wokongola ndithu, koma mutu wa kampani ina sulowa pa mpini wa kampani ina, ndipo ngakhale m'kampani imodzi mitu isiyana. Mwana wanu akakutumizirani chotere kuchokera ku Joni, mudzakondwa mwezi umodzi. Mitu ikatha, mudzasunga mpini wopanda ntchito, pokhapokha mulipire galimoto kukafuna mitu ku Lilongwe.

Mtundu wachitatu ndiwo wa pulasitiki wotaya. Uthandiza pa ulendo, kapena pometa wodwala. Koma popeza nthawi iliyonse mugula mpini pamodzi ndi lezala, ndalama zake zichuluka pa chaka, ndipo ambiri achita nacho chisoni kuchitaya, nametabe ndi chobuntha kufikira chibwano chitatupa.

Aphunzitsi, nayi samu yoti mupatse ana. Mwamuna wometa kawiri pa mulungu ameta ka 104 pa chaka. Ngati lezala limodzi limumeta kanayi, afuna malezala 26. Ana akafunse pa sitolo mtengo wa malezala 26, wa mitu 26, ndi wa zotaya 26, ndipo akauze makolo ao zimene apeza. Ine sinditchula mitengo, pakuti isintha msanga, koma samuyo idzakuonetsani chifukwa chake ndiyamikira mtundu woyamba kwa munthu wa kumudzi.

CHIFUKWA CHA KHUNGU

Pali chifukwa china choposa ndalama. Ndevu za ambiri a ife ndi zopotana. Tsitsi lotere likadulidwa pansi kwambiri, pomera lipinda ndi kulasa khungu, kapena likulira m'kati osatuluka kunja. Apo ndi pamene pachokera tiziphuphu toyabwa ta pakhosi ndi pa chibwano, timene nthawi zina tichita mafinya ndi kusiya zipsera zakuda. Chometera cha malezala ambiri chinapangidwa kuti lezala loyamba likoke tsitsi, lotsatira lidule, ndipo tsitsilo libwerera kunsi kwa khungu. Kwa munthu wa ndevu zopotana zimenezi zichulukitsa tiziphuphu. Lezala limodzi lidula tsitsi pamwamba pa khungu, ndipo vutoli lichepa.

ZOYANG'ANA POGULA

Mukasankha cha mtundu woyamba, musachite manyazi kuchimasula pamaso pa wogulitsa. Zambiri zili ndi zidutswa zitatu: mpini, kambale kamene lezala ligonapo, ndi chivundikiro. Zina zitseguka pamwamba ngati zitseko ziwiri mukapotoza mpini. Zimenezi n'zosavuta kuikamo lezala, koma zili ndi tizitsulo tambiri, ndipo kamodzi kakapindika palibe angakonze. Cha zidutswa zitatu ndicho chikhalitsa.

Choyamba, potozani mpini kangapo. Ngati ugwedera kapena upitirira osamanga, chisiyeni.

Chachiwiri, ikanimo lezala, mangani, ndi kuchiyang'ana poyera. Kukamwa kwa lezala kuoneke mofanana mbali zonse ziwiri, kowongoka kuyambira uku kufikira uko. Mbali imene latulukira kwambiri ndiyo idzakuchekani.

Chachitatu, onani mlomo wa kambale. Wina uli ndi mano ngati chipeso, wina ndi wosalala. Wa mano uthandiza pa ndevu zazitali, koma wosalala ndiwo wofatsa, woyenera mnyamata amene ayamba kumeta ndi munthu wa khungu losachedwa kutupa.

Chachinayi, mpini ukhale wa mizeremizere kuti usaterere m'dzanja la sopo, ndipo ulemereko pang'ono. Kunyezimira kusakunyengeni. Zambiri zonyezimira n'za chitsulo chofewa chongokutidwa pamwamba, ndipo zikagwa pa simenti zithyoka pamene mpini umangira. Za mkuwa ndi za chitsulo chosachita dzimbiri zikwera mtengo, koma zingathe kufika kwa mwana wanu.

Ngati mwapeza chachitsulo chogwiritsidwa kale ntchito, chingakhale chabwino, koma muchimasule, muchitsuke ndi sopo, ndi kuchiwiritsa m'madzi musanachiike pa nkhope. Lezala lokha likhale latsopano nthawi zonse, lotuluka m'pepala lake lomata.

KAMETEDWE

Chometera chabwino m'dzanja la munthu wothamanga chichekabe. Nyowetsani ndevu ndi madzi ofunda kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, pakuti tsitsi lonyowa lifewa. Pakani sopo wosambira kufikira thovu litakwanira. Sopo wa ufa wochapira zovala aotcha khungu. Metani motsata kumene ndevu zigonera, osati mozidzutsa, pang'onopang'ono, osakanikiza ndi osakoka khungu. Kulemera kwa chometera kukwanira. Mukamva lezala lili kukoka tsitsi, latha. Musalinole pa chikhatho. Pomaliza sambani madzi ozizira, masulani chometera, chitsukeni ndi kuchiika pouma, makamaka nthawi ya dzinja. Tiziphuphu tikachuluka, lekani kumeta milungu ingapo, muzingodula ndevu ndi sizasi. Ngati pali mafinya, pitani ku chipatala.

LEZALA LIMODZI, MUNTHU MMODZI

Tsopano ndifika pa mau amene ndifuna kuti mupite nao kunyumba. Lezala likacheka, magazi atsalira pa chitsulo ngakhale maso sawaona. Wodwala Edzi woyamba m'Malawi anapezeka mu 1985, ndipo kuyambira pamenepo tonse tamva kuti kachirombo ka HIV kayenda m'magazi. Kachirombo aka sikakhalitsa kunja kwa thupi, koma pamene lezala lichoka pa munthu uyu ndi kupita pa uyo magazi akali aawisi, monga potema mphini, ngozi ilipo.

Koma pali mdani wina amene ambiri samudziwa, ndiye kachirombo ka matenda a chiwindi kotchedwa Hepatitis B. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linena kuti kachirombo aka kangakhale ndi moyo kunja kwa thupi masiku 7 kapena kuposa. Ndiye kuti lezala limene mlendo anametera Lamulungu lingapatsire mwini nyumba Loweruka. Munthu angakhale nako zaka zambiri osamva kanthu, kufikira chiwindi chitaonongeka, maso achita chikasu, mimba itupa, ndipo ena adwala khansa ya chiwindi. M'dziko muno katemera wa matendawa anayamba kuperekedwa kwa makanda mu 2002. Chotero ambiri a ife amene tinabadwa chisanafike chakacho sitinabayidwe, ndipo ndife amene timeta ndevu. Zipere za m'mutu ndi za pa ndevu nazonso ziyenda pa chometera chobwerekana.

Kwathu kuno kumana mbale wako chinthu n'chamanyazi, ndipo mlamu akapempha chometera n'kovuta kukana. Nayi njira: sungani malezala awiri kapena atatu atsopano a alendo. Mpatseni lezala lake, mpini muutsuke bwino asanamete ndi atameta, ndipo palibe adzati ndinu womana. Ichinso ndi chifukwa chake mtundu woyamba upambana, pakuti lezala lake n'lotsika mtengo kotero kuti mungalipereke osadandaula.

Kwa inu mafumu, sindinadze kudzathetsa mwambo. Kumeta maliro ndi mwambo wa makolo, ndipo ulemu wake uli pa kumeta, suli pa kumeta anthu khumi ndi chitsulo chimodzi. Pokonzekera tsikulo, pamene muwerenga ufa ndi ndiwo, werenganinso mitu, ndipo mugule lezala la mutu uliwonse. Chimodzimodzi ku chinamwali ndi kwa asing'anga: aliyense apite ndi lake. Pa malo ometera a pa msika, pemphani kuti lezala lichotsedwe m'pepala inu muli kuona, ndipo makina apukutidwe ndi sipiriti asanafike pa mutu wanu. Wometa wabwino sakwiya ndi pempho lotere. Akuluakulu anati pepani sapoletsa chilonda.

Kwa inu aphunzitsi ndi amayi, lezala limene bambo wataya ndilo mwana atola kukasongolera pensulo, ndipo m'kalasi liyenda m'manja ambiri. Musalole zimenezi. Lezala lotha likulungidwe m'pepala lake ndi kuponyedwa m'chimbudzi chokumba, kapena lisungidwe m'chitini chotseka. Lisatayidwe pa dzala kapena m'munda, pamene mwana wosavala nsapato angaliponde, pakuti bala la chitsulo chodetsedwa ndi dothi lingabweretse kafumbata.

Tsono mukapita pa msika, kumbukirani zinthu zitatu izi. Gulani chometera chimene malezala ake apezeka pano pa Kamwendo. Chimasuleni ndi kuchiyesa musanapereke ndalama. Ndipo lezala limene lakhudza munthu mmodzi lisakhudzenso wina. Amene mwamva, mukauze amene sanabwere.