MACBETH: KODI ANAMUONONGA NDANI?

Mau okambidwa pa msonkhano wa Bungwe, olembedwa pano kuti awerenge iwo amene sanafike.

 Nkhani ndadza nayo iri ya sewero lacisoni la Angelezi lochedwa Macbeth, limene analemba William Shakespeare wa ku Stratford, amene anabadwa m'caka ca 1564, namwalira m'caka ca 1616. Analilemba ca m'ma 1606, pamene James, mfumu ya Scotland, anali atalowanso ufumu wa England. Ndipo linasindikizidwa koyamba m'caka ca 1623. Funso langa ndi limodzi: kodi anamuononga munthu ameneyu ndani, mfiti kapena mtima wace?

Macbeth anali kazembe wa nkhondo wa Duncan, mfumu ya Scotland, ndiponso mbale wace. Pobwera kunkhondo pamodzi ndi mnzace Banquo, anakomana ndi akazi atatu, mfiti, amene anamlonjera ndi maina atatu: mwini dziko la Glamis, mwini dziko la Cawdor, ndi mfumu ya m'tsogolo. Kwa Banquo anati iye sadzalowa ufumu, koma mbumba yace idzabala mafumu. Posacedwa anafika amithenga kudzanena kuti Duncan wampatsa Macbeth dziko la Cawdor.

Tsono pano cherani khutu. Dziko la Glamis linali lace kale. Ndipo la Cawdor mfumu inali italamula kale kuti apatsidwe cifukwa ca kulimba mtima kwace pankhondo, iye asanakomane ndi mfiti zija. Zinangomuuza cimene cinali citacitika, iye asanacimve. Ulemu umenewo anaupeza ndi thukuta lace, ndipo panalibe colakwa poukondwera. Koma pakumva liu lacitatu, pomwepo m'mtima mwace munabuka maganizo akupha, ngakhale palibe mfiti imene inachula mpeni. Banquo anamva ulosi tsiku lomwelo, pamalo omwewo. Nayenso maganizo oipa anamsautsa usiku, koma anapempha mphamvu yakuwakana, ndipo dzanja lace silinakhetse mwazi wa mfumu. Mvula inagwa imodzi m'minda iwiri; m'munda uli wonse munamera mbeu imene inakwiriridwamo.

Poyamba Macbeth anaganiza kuti ngati ufumu uli wace, udzamfika wokha. Koma Duncan atalengeza kuti mwana wace Malcolm ndiye adzalowa m'malo mwace, kudikira kunamlaka. Mfumu inadza kudzagona m'linga lace ku Inverness. Iye mwini anadziwa bwino kuti Duncan ndiye mbale wace, mfumu yace, ndi mlendo wace, amene mwini nyumba ayenera kumchinjiriza, nati aleke. Mkazi wace anamnyoza kuti sali mwamuna, kufikira anabvomera. Anapha nkhalamba iri m'tulo, ndipo mlandu anaukankhira pa alonda, amene anawaphanso kutaca.

Abale, umbombo uli ndi khalidwe ili, kuti ukadya njala ikula. Atakhala pampando, Macbeth anakumbukira kuti alibe mwana wolowa m'malo mwace, ndi kuti wadetsa manja ace kukonzera njira adzukulu a Banquo. Taonani kupusa kwace: ulosi umene unamkomera anaukhulupirira, koma umene unakomera mnzace anayesa kuuletsa ndi lupanga. Anatuma anthu kukapha Banquo. Mwana wace Fleance anathawa. Ndipo pa phwando laufumu mzukwa wa Banquo unakhala pampando wa Macbeth, iye nabwebweta pamaso pa nduna zace.

Ulendo woyamba mfiti zinamtsata iye. Ulendo waciwiri iye anazitsata. Zinamuuza acenjere ndi Macduff; zinatinso palibe wobadwa mwa mkazi adzampweteka, ndipo sadzagonja kufikira nkhalango ya Birnam idzayenda kudza ku phiri la Dunsinane. Mau amenewa anamledzeretsa. Popeza Macduff anali atathawira ku England, Macbeth anaphetsa mkazi wace ndi ana ace, anthu osacimwa, amene imfa yao sinampindulire kanthu. Mkazi wa Macbeth, uja wolimba mtima poyamba, anayamba kuyenda ali m'tulo, alikusamba m'manja kucotsa mwazi wosaoneka, kufikira anafa. Potsiriza ankhondo a Malcolm anadula nthambi m'nkhalango ya Birnam kubisa kucuruka kwao, ndipo nkhalango inaoneka ngati irikuyenda. Macduff naye anaulula kuti sanabadwe monga abadwira ana onse, koma anamcotsa m'mimba mwa amace nthawi isanakwane. Mau onse anakwanira, koma osati monga anawamvera Macbeth. Anaphedwa, ndipo Malcolm analowa ufumu. Akuru anati, ici cakoma ici cakoma pusi anagwa cagada.

Ndiyenera kunena kuti Macbeth weniweni wa m'mbiri sanali wotere. Anapha Duncan pankhondo m'caka ca 1040, nalamulira Scotland kufikira 1057, ndipo m'caka ca 1050 anapita ulendo ku Roma. Shakespeare anatenga nkhani m'buku la mbiri la Holinshed, naisintha. Banquo, amene m'bukumo anathandiza ciwembu, anamuyeretsa, pakuti banja la Mfumu James linkadziyesa mbumba ya Banquo. Cotero sewero ili tisaliyese mbiri ya Scotland; phindu lace liri pa cimene litionetsa ca mtima wa munthu.

Yankho langa ndi ili: mfiti zinalankhula, mkazi anakankha, koma mpeni anaugwira ndi Macbeth. Kufuna kukwera sikuli koipa. Popanda kutero sitikadatumiza ana athu kusukulu, kapena kusonkhana muno. Koma munthu akadza kwa inu mseri, nanong'oneza kuti mpando wakuti uyenera inu, dzifunseni kuti adzagwa ndani kuti inu mukwere, ndi kuti mudzagona tulo totani mutakhalapo. Pali kupha kosakhetsa mwazi: bodza, miseche, ndi kuipitsa dzina la mnzathu, ndipo mabungwe ambiri apasuka nako.

Ndisiye funso ili kuti tidzakambirane pa msonkhano ulinkudza: Banquo anamkaikira Macbeth, koma anakhala cete, kodi iye alibe mlandu?