Khutbah ya Lachisanu: Mimba Ikatupa Tisazengereze

Abale ndi alongo olemekezeka, thupi ndi amanah imene Allah anatisungitsa. Munthu akatupa mimba, akusanza, osachita chimbudzi ngakhale kutulutsa mpweya, mwina matumbo apotana kapena atsekeka. Magazi akaleka kufikako gawo limenelo limafa, ndipo dokotala amalidula n'kulumikiza matumbo otsalawo. Zilonda za m'mimba ndi tayifodi nazonso zimaboola chifu kapena matumbo. Apa opareshoni yake ndi kusoka bowolo ndi kutsuka m'mimba. Wodwala wa ku Kaseye angatumizidwe ku chipatala cha boma ku Chitipa, mwinanso mpaka Mzuzu, ndipo ulendowo ndi wautali. Choncho tisataye tsiku tikummwetsa mankhwala otsegula m'mimba. Wodwala amaloledwa kumasula swaumu n'kudzabweza akachira. Allah atipatse thanzi. Amin.