KUDWAZIKA NKHALAMBA YOTSEKULA M'MIMBA NDI KUSANZA

(Mau amene namwino wa chipatala cha Boma anakamba kwa aphunzitsi ndi amai a m'midzi)

Pali nthenda ina ya m'mimba imene imafika mwadzidzidzi. Munthu amagona ali bwino, koma pakati pa usiku nkuyamba kusanza, m'mimba mukupota, ndipo pofika m'mawa watsekula kangapo. Kawirikawiri nthendayi imadza ndi tizirombo tosaoneka ndi maso totchedwa mavairasi. Kamene kamagwira akulu koposa ndi kotchedwa norovirus, dzina lochokera ku mzinda wa Norwalk ku America, kumene kanadwalitsa ana a sukulu m'chaka cha 1968. Kamalowa m'thupi ndi manja osasamba, ndiponso ndi chakudya kapena madzi oipitsidwa.

Mnyamata wamphamvu akadwala chotere amachira yekha pa masiku awiri kapena atatu. Koma nkhalamba ikhoza kufa nayo, ndipo chimene chimaipha ndicho kutha kwa madzi m'thupi. Thupi la munthu wokalamba limasunga madzi pang'ono, impso zake zinatopa, ndipo ludzu salimva msanga monga amachitira mwana. Tsono wodwazika amene amadikira kuti agogo apemphe okha madzi adzadikira kufikira zinthu zitaipa.

Palinso nkhani ya manyazi. Agogo ambiri amakana kumwa dala, poopa kuti angadzionongere pamaso pa mpongozi wao, kapena kuti angavutitse ana kuwaperekeza ku chimbudzi usiku. Iwo sanena zimenezi, amangoti, "Sindikumva ludzu." Nchifukwa chake ndi bwino kuti wowadwazika akhale munthu amene iwo sachita naye manyazi, monga mdzukulu wamkulu kapena mbale wao. Ndowa yokhala ndi chivundikiro iikidwe pafupi ndi mphasa, ndi nyali yomwe, pakuti nkhalamba yofooka ikadzuka mumdima imamva chizungulire, ndipo ikagwa ikhoza kuthyoka fupa la m'chiuno.

Anthu ena amati munthu wotsekula ammane madzi kuti m'mimba muume. Kumeneko nkulakwa kwakukulu. Madzi amene atuluka ayenera kubwezedwa, pamodzi ndi mchere umene watuluka nawo. Chakumwa chabwino koposa ndi cha m'timapaketi ta O.R.S., chimene ambiri amachidziwa ndi dzina lakuti Thanzi. Paketi imodzi isungunulidwe mu lita imodzi ya madzi owiritsa ndi kuziziritsa. Lita imodzi ndiwo mabotolo awiri a 500 ml. Ngati paketi palibe, wodwazika athire mu lita imodziyo masupuni 6 a tiyi a shuga, osasefukira, ndi theka la supuni ya tiyi la mchere. Alawe yekha poyamba: mchere wake usapose wa misozi. Zotsala zikatha tsiku limodzi zitayidwe, apange zina.

Kamwetsedwe kake nkofunika kuleza mtima. Agogo akhazikidwe tsonga, atsamire khoma kapena munthu, ndipo apatsidwe pang'onopang'ono ndi supuni kapena kapu yaing'ono, kawirikawiri, usana ndi usiku womwe. Chikho chodzaza chomwedwa nthawi imodzi chimabwerera pomwepo. Akasanza, wodwazika adikire mphindi khumi, nayambenso. Akatsekula, amwe kapu imodzi yoonjezera. Posanza agonekedwe cham'mbali, osati chagada, kuti masanzi asalowe m'mapapu.

Chakudya asamanidwe. Kusanza kukachepa apatsidwe phala losalimba, mpunga wofewa, nthochi yakupsa kapena msuzi. Za mafuta ambiri zidikire, ndi zakumwa za m'mabotolo za shuga wambiri zomwe, chifukwa zimaonjezera kutsekula. Mowa ndi kachasu ndiye ai ndithu.

Pa za mankhwala anthu amataya ndalama zambiri pachabe. Makapisozi ogula pa golosale, amene amapha tizirombo ta mtundu wa mabakiteriya, alibe mphamvu pa vairasi. Brufen amaononga impso za munthu amene madzi amthera. Ngati thupi latentha, Panado akwanira. Agogo amene amamwa mankhwala a B.P. kapena a shuga tsiku ndi tsiku afunika uphungu wa kuchipatala msanga, pakuti ena mwa mankhwalawo amachotsa madzi m'thupi kapena kulemetsa impso, ndipo adokotala akhoza kuwaimitsa masiku owerengeka.

Kodi wodwazika adzadziwa bwanji kuti madzi akutha? Kwa mwana anthu amatsina khungu ndi kuona ngati libwerera, koma khungu la nkhalamba nlamakwinya kale, kotero limanyenga. Iye ayang'ane lilime ndi m'kamwa ngati mwauma, ndipo koposa zonse aone mkodzo. Ukachepa ndi kufiira, madzi aonjezedwe. Agogo akakhala kuyambira m'mawa kufikira madzulo osakodza, akayamba kubwebweta kapena kusazindikira abale ao, akamangogona osafuna kudzuka, kapena akamasanza chiri chonse chimene amwa, anyamulidwe kunka ku chipatala tsiku lomwelo, akumwetsedwabe panjira. Kubwebwetako achibale asakuyese ukalamba chabe kapena kulodzedwa. Nthawi zambiri munthuyo amabwerera nzeru zake akapatsidwa madzi a m'mitsempha. Chimodzimodzinso chimbudzi chikakhala ndi magazi, kapena chikaoneka ngati madzi otsukira mpunga. Chomalizachi chikhoza kukhala kolera, nthenda imene inapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno m'zaka za 2022 ndi 2023, ndipo mlangizi wa za umoyo auzidwe msanga.

Agogo akadzionongera asambitsidwe pomwepo ndi madzi ofunda, apukutidwe bwino, ndi kudzozedwa Vaseline kumatako kuti khungu lisasupuke. Wodwazika asawakalipire. Nsaru zoipazo zichapidwe pazokha ndi sopo ndi madzi otentha, ndipo pamene pagwera masanzi patsukidwe ndi madzi a klorini. Ndowa ikhuthulidwe m'chimbudzi, osati kuseri kwa nyumba. Manja asambidwe ndi sopo pa madzi othira, osati m'beseni limodzi ndi ena. Kachiromboka kamatulukabe m'thupi ngakhale munthu wachira, choncho agogowo, kapena wina ali yense wa m'nyumbamo amene wadwala, asaphikire ena chakudya kufikira patapita masiku awiri chilekere kutsekula.