KADUWA KA HOUSTONIA NDI ABALE AKE

Mwana akafunsidwa ciwongo cake sacedwa kuyankha kuti ndi Phiri kapena Banda, ndipo pomwepo mlendo adziwa abale ake, ngakhale sanawaone. Zomera nazonso ziri ndi cibale cotere. Nkhani ino ikunena za kaduwa kamodzi ka kutali, ndi njira imene akatswiri a zomera anapezera abale ake.

Kaduwako kamamera ku North America. Eni dziko amakacha bluet, cifukwa maonekedwe ake ndi obiriwira ngati thambo, koma pakati pake mpacikasu. Msinkhu wake ndi mainchesi 3 kufikira 6 cabe. Kamamera m'magulu pa msipu wacinyontho ndi m'mphepete mwa nkhalango, nikacita maluwa m'miyezi ya April ndi May, cisanu ca kumeneko citatha.

M'caka ca 1753 Carl Linnaeus wa ku Sweden analemba kaduwaka m'buku lake la Species Plantarum ndi maina awiri, Houstonia caerulea. Loyambalo liri ngati ciwongo, ndilo la mbumba yonse. Laciwirilo ndi la mtundu umodzi wokha, ndipo litanthauza kubiriwira kwa thambo. Dzina la mbumba likumbutsa William Houstoun, sing'anga wa ku Scotland, amene anasonkhanitsa zomera ku Mexico ndi ku zisumbu za West Indies, namwalira ku Jamaica m'caka ca 1733. Mbumbayi iri ndi mitundu ngati 20, ndipo kwao ndi ku Canada, United States ndi Mexico.

Tsono cibale ca comera cimadziwika bwanji? Si ndi kukongola kwake ai, kapena ndi msinkhu, koma ndi mapangidwe a ziwalo. Masamba a Houstonia amatuluka awiriawiri mopenyana pa mfundo iriyonse, ndipo pakati pa awiriwo pali kakhungu kakang'ono komatirira ku tsinde. Timasamba ta duwa ntolumikizana kunsi ngati kabango, koma pamwamba tagawikana panai. Kathumba ka njere kamira m'tsinde mwa duwa. Zizindikiro zotere ndizo za banja lalikulu lochedwa Rubiaceae, la mitundu yoposa 13,000. M'banja lomweli muli khofi, ndiponso mtengo wa Cinchona wa ku mapiri a Andes, umene khungwa lake linapatsa anthu kwinini wa malungo. Kaduwa kopondedwa ndi ng'ombe ndi mtengo wautali woposa nyumba ziri pa cibale ceniceni. Pakuti cibale ndi fupa, siciola.

Cozizwitsa ca kaduwaka ciri m'kati mwa kabango kaja. Zomera zina za mtundu womwewo ziri ndi khosi lalitali lolandirira mungu, loturukira kunja, koma timatumba ta mungu tiri pansi m'kati. Zina ziri ndi khosi lalifupi lobisika, ndi timatumba ta mungu pamwamba pa khomo. Comera cimodzi sicibala maluwa a mapangidwe onse awiri. Kanjuci kakalowetsa mlomo wake kufuna timadzi totsekemera, mungu wa pansi umamatira ca kunsonga ya mlomo, ndi wa pamwamba ca kumutu. Motero mungu wa duwa la khosi lalifupi umafika pa khosi lalitali, ndi wa linzakelo pa khosi lalifupi. Njere zambiri zimabadwa pamene mungu wacokera ku duwa la mapangidwe enawo. Anthu akale analetsa ukwati wa pacibale ndi mwambo. Kaduwaka kamaupewa ndi mapangidwe ake. Charles Darwin anachula Houstonia m'buku lake la m'caka ca 1877 lonena za maluwa otere.

Za banja akatswiri sanatsutsane, koma za mbumba panali mlandu wa zaka zambiri. Ena, monga F. R. Fosberg, anati Houstonia, Oldenlandia ndi Hedyotis zifanana kwambiri, nazisonkhanitsa zonse pansi pa dzina limodzi la Hedyotis. Ncifukwa cake mabuku ena akale amalemba kaduwa komweka kuti Hedyotis caerulea. Koma ena anapenyetsetsa njere ndi galasi lokulitsa. Anapeza kuti za Houstonia nzowerengeka m'kathumba, ndipo iriyonse iri ndi kadzenje mbali imodzi ngati kambale. Za Oldenlandia nzambiri, zazing'onong'ono ngati fumbi, zangondya. M'caka ca 1996 Edward Terrell anafalitsa nchito yake yolongosola Houstonia monga mbumba ya payokha. Pambuyo pake kuyesa kwa DNA kunaonetsa kuti Hedyotis weniweni kwao ndi ku Asia ndi ku zisumbu za Pacific. Cotero kanjere kosaposa mcenga kanacitira umboni pa mlandu wa anthu ophunzira.

Mphunzitsi wa kumudzi sadzampeza Houstonia pa bwalo la sukulu yake, koma msuwani wake Oldenlandia amamera kuno m'minda ndi m'madambo nyengo ya dzinja: kathengo kowonda, ka masamba opyapyala openyana ndi timaluwa toyera togawikana panai. Ana akakazula, nakaika pambali pa nthambi ya khofi kumene ipezeka, adzaona okha masamba awiriawiri ndi kakhungu kaja pa mfundo. Akawerenga adzapezanso kuti duwa la khofi kawirikawiri limagawikana pasanu, osati panai, ndipo adzaphunzira kuti cizindikiro cimodzi cokha sicikwanira kuweruzira cibale.

Mwana woloweza dzina la Cilatini pa bolodi amaliiwala mayeso akatha. Koma amene wagwada pansi, nawerenga yekha timasamba ta duwa, nafikisa kathumba pa cikhato kuti aone njere, watenga luso lomwe linathetsa mlandu wa akatswiri aja. Kuona maso a nkhono nkudekha.